Chuma cha Pansi pa Nyanja ndi Thumba la Feteleza

Awa ndi mau amene adakambidwa pamsonkhano wa mafumu, atsogoleri a Chipani ndi alimi a m'dera la Mfumu Njewa, m'boma la Lilongwe.



Munthu angathe kufunsa kuti kodi nkhani ya gasi wa pansi pa nyanja ikudzatani kwa Njewa, dera lopanda gombe, kumene mwana amakula mpaka kumanga banja asanakwereko bwato. Funsoli ndi loyenera, ndipo yankho lake lili m'nyumba ya mlimi aliyense. Lili m'thumba la feteleza wobereketsa limene mlimi wa ku Mpingu, ku Nsaru kapena kwa Kabudula amalimangirira panjinga mvula ikayandikira. Feteleza wa Urea sakumbidwa m'phiri monga laimu ayi. Amapangidwa m'mafakitale kuchokera ku gasi, ndipo gawo lina la gasi wa dziko lapansi masiku ano limatuluka pansi pa nyanja. Motero mtengo wa gasi ukakwera kutali uko, mlimi wa kuno amaumva m'thumba mwake, ngakhale sadamuonepo gasiyo ndi maso.

Palinso chifukwa china. Mphekesera za mafuta ndi gasi wa m'Nyanja ya Malawi zakhala zikumveka kwa zaka zambiri, ndipo ena amanena kuti Boma likuchedwa, likadangokumba dziko lino likadalemera kale. Mau otere amakoma m'khutu, koma asanavomerezedwe ndi bwino kuona mmene ntchitoyi imayendera ndiponso zimene zaonekera anansi amene adaiyamba kale.

MMENE GASI AMAPEZEKERA

Gasi ameneyu ndi mpweya woyaka umene udachokera ku tizilombo ndi zomera za m'madzi zimene zidafa kalekale, n'kukwiririka m'matope. Matopewo adaunjikana kwa zaka mamiliyoni ambiri mpaka adasanduka miyala, ndipo kutentha ndi kulemera kwa nthaka kudaphika zotsalirazo kukhala mafuta ndi gasi. Gasiyo amakhala m'timing'alu ta mwala monga madzi akhalira mumchenga wa padambo, ndipo amasungika pokhapokha ngati pamwamba pake pali mwala wina wolimba womutsekera. Ndi wosiyana pang'ono ndi gasi wophikira amene amagulitsidwa m'mabotolo achitsulo mumzinda wa Lilongwe, ngakhale awiriwa ndi apachibale ndipo nthawi zambiri amatuluka m'chitsime chimodzi.

Pofufuza, akatswiri amayenda ndi sitima ya pamadzi yokoka zingwe zazitali zokhala ndi zida zomvera. Sitimayo imaomba phokoso lalikulu m'madzi, phokosolo limalowa pansi n'kubwerera, ndipo pakumva kabwereredwe kake amajambula mmene miyala idayalirana. Koma chithunzi chotere chimangosonyeza pamene pangakhale gasi. Chotsimikiza ndi kuboola basi. Mjigo wa m'mudzi umabooledwa mamita makumi owerengeka, pamene chitsime cha gasi cha m'nyanja yakuya chimayamba ndi kudutsa madzi okwana kilomita imodzi kapena awiri, kenaka n'kulowa m'mwala makilomita enanso. Chitsime chimodzi chotere chimadya madola mamiliyoni makumimakumi, ndipo zambiri mwa izo zimapezeka zouma.

Gasi akapezeka, vuto lotsatira ndi kumufikitsa kwa ogula. Mpweya suthiridwa m'mgolo ngati palafini. Ngati msika uli pafupi, amayala mapaipi. Ngati uli kutsidya kwa nyanja, amamuziziritsa kufika madigiri 162 kunsi kwa pamene madzi amaundana, ndipo akatero amasanduka wamadzimadzi n'kuchepa pafupifupi ka 600, kotero kuti amakwana m'sitima zapadera. Fakitale yochita zimenezi ndiyo imadya ndalama zambiri koposa zonse.

ZIMENE ZACHITIKA KU MOZAMBIQUE

Anansi a ku Mozambique adayamba ndi gasi wa pamtunda, wa ku Pande ndi Temane m'chigawo cha Inhambane, amene kampani ya Sasol idayamba kumutumiza ku South Africa m'chaka cha 2004 kudzera m'paipi yotalika makilomita 865. Koma chuma chachikulu chidaoneka m'nyanja yamchere, kufupi ndi kumene mtsinje wa Rovuma umathira, m'chigawo cha Cabo Delgado. Kampani ya Anadarko ya ku America idapeza gasi kumeneko m'chaka cha 2010, ndipo ya Eni ya ku Italy idapezanso wina m'chaka cha 2011. Gasiyu ndi mmodzi mwa wochuluka zedi amene adapezekapo mu Africa, ndipo dziko lonse la Mozambique lidasangalala.

Kuchokera pamenepo padapita zaka 12 kuti gasi woyamba agulitsidwe. A Eni ndi anzao adasankha kumanga fakitale yoyandama, yotchedwa Coral Sul. Idamangidwa ku South Korea, ndi yotalika mamita 432, kuposa mabwalo anayi a mpira wa miyendo atalumikizana, ndipo idakokedwa panyanja mpaka kufika ku Mozambique mu Januwale 2022. Idamangiriridwa pamalo pamene madzi ndi akuya pafupifupi mamita 2,000, ndipo imalandira gasi kuchokera m'zitsime zisanu ndi chimodzi. Imatha kupanga matani 3.4 miliyoni pachaka. Sitima yoyamba idanyamula katundu mu Novembala 2022, ndipo gasi yense wa fakitaleyi adagulidwiratu ndi kampani ya BP pamgwirizano wa zaka zambiri.

Kuchedwa kotere si kwachilendo. Ku Tanzania gasi wa pachilumba cha Songo Songo adapezeka m'chaka cha 1974, koma adayamba kuyatsa magetsi ku Dar es Salaam m'chaka cha 2004, patapita zaka 30. Mwana wobadwa tsiku limene gasiyo adapezeka anali ndi ana akeake pamene nyali yoyamba inkayaka.

MAPHUNZIRO AWIRI OWAWA

Zoona zimene zikambidwe pano sizikukambidwa monyoza abale a ku Mozambique, amene dziko lino limagawana nawo malire, zilankhulo, maukwati ndi njanji ya ku Nacala. Zikukambidwa chifukwa akuluakulu adati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Phunziro loyamba ndi la ngongole. M'zaka za 2013 ndi 2014, gasi akadali pansi pa madzi, makampani atatu a boma la Mozambique adakongola pafupifupi madola 2 biliyoni ku mabanki akunja, ndipo gawo lalikulu la ngongolezo lidabisidwa kwa Nyumba ya Malamulo ndi kwa anthu. Chiyembekezo chinali chakuti chuma chobwera chidzabweza zonse. Zitaululika m'chaka cha 2016, bungwe la IMF ndi maiko othandiza adaimitsa thandizo, ndalama ya metical idagwa, ndipo mitengo ya zinthu idakwera. Amene adavutika ndi anthu wamba amene sadaone ngakhale tambala ya ngongoleyo. Yemwe anali nduna ya zachuma pa nthawiyo, a Manuel Chang, adapezeka olakwa m'khoti la ku New York m'chaka cha 2024. Mlimi aliyense akudziwa mathero a munthu amene amagulitsa chimanga chake chikadali chachiwisi m'munda. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo.

Phunziro lachiwiri ndi la mtendere. Mu Okutobala 2017 zigawenga zidaukira tauni ya Mocímboa da Praia, m'chigawo chomwecho cha gasi. Zifukwa za nkhondoyi ndi zambiri, koma chimodzi chimene akatswiri amachitchula kawirikawiri ndi kukhumudwa kwa achinyamata osauka amene ankaona chuma chikudutsa pakhomo pao popanda kuwapatsa ntchito. M'chaka cha 2019 kudavomerezedwa ntchito ya madola 20 biliyoni yomanga fakitale ina pamtunda, ku Afungi, imene idadzakhala m'manja mwa kampani ya Total ya ku France. Anthu a m'mudzi wa Quitupo adasamutsidwa kupita ku mudzi watsopano wa Quitunda, kusiya minda ndi madooko a makolo ao. Mu Malichi 2021 zigawenga zidalowa m'tauni ya Palma, pafupi ndi malo a ntchitoyo, ndipo anthu ambiri adaphedwa. Mwezi wotsatira kampaniyo idaimitsa ntchito yonse. Asilikali a ku Rwanda ndi a maiko a SADC adapita kukathandiza, koma pofika kumapeto kwa chaka chimenecho anthu oposa 700,000 anali atathawa m'midzi yao. Ntchito idaima zaka zoposa zinayi, ndipo kumapeto kwa 2025 ndi pamene eni ake adalengeza kuti ali okonzeka kuyambanso.

Amalawi achikulire akukumbukira mmene dziko lino lidalandirira othawa nkhondo a ku Mozambique oposa miliyoni imodzi kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 ndi kuchiyambi kwa za m'ma 1990. Sayenera kuuzidwa mtengo wa nkhondo. Gasi wa madola mabiliyoni adakhala chete pansi pa nyanja chifukwa pamtunda panalibe bata.

Pali maiko amene adayenda bwino. Norway idapeza mafuta m'nyanja m'chaka cha 1969, idakhazikitsa thumba losungiramo ndalama zake mwalamulo m'chaka cha 1990, ndipo idayamba kuikamo ndalama m'chaka cha 1996, kuti zidzukulu zidzadyeko zitsime zitauma. A ku Mozambique nawonso adaphunzirapo, ndipo mu Disembala 2023 Nyumba yao ya Malamulo idavomereza lamulo lokhazikitsa thumba lotere.

MMENE GASI AMAFIKIRA M'MUNDA

Tsono nkhani ibwerere ku thumba la feteleza lija. Chimanga chimafuna chakudya chotchedwa nayitrojeni, ndicho chimachititsa masamba kubiriwira ndi zisononkho kukhwima bwino. Chakudyachi n'chochuluka mumpweya umene anthu amapuma, pafupifupi magawo anayi mwa asanu, koma chimanga sichingathe kuchitenga mumpweyamo. M'fakitale amatenga nayitrojeni wa mumpweya n'kumuphatikiza ndi gawo lina lochokera ku gasi, pamoto waukulu umenenso nkhuni zake ndi gasi yemweyo. Chotulukapo ndi amoniya, ndipo kuchokera ku amoniya amapanga Urea, amene mwa magawo 100 alionse 46 ndi nayitrojeni. Feteleza wokulitsa nayenso ali ndi gawo lake lochokera komweko.

Dziko la Malawi lilibe fakitale yopanga Urea. Amagulidwa kunja ndi ndalama zakunja, amatsikira pamadooko a Beira, Nacala kapena Dar es Salaam, n'kuyenda ulendo wautali pamtunda. M'chaka cha 2021 mtengo wa gasi udakwera kwambiri ku Ulaya, ndipo mafakitale ena a feteleza adachepetsa ntchito. Mu Febuluwale 2022 nkhondo ya Russia ndi Ukraine idaonjezera moto. Pakati pa 2020 ndi 2022 mtengo wa Urea pamsika wa maiko onse udakwera koposa katatu. Pamwamba pa izi Kwacha idachepetsedwa mphamvu mu Meyi 2022 ndiponso mu Novembala 2023. Mlimi amene ankagula matumba anayi adayamba kugula awiri, wa awiri n'kugula limodzi, ndipo nkhokwe zambiri za ku Namitete ndi ku Nambuma zidachitira umboni.

Apa ndi pamene pali phindu lenileni limene Malawi angayembekezere kwa gasi wa anansi. Ku Nigeria kampani ya Dangote idatsegula m'chaka cha 2022 fakitale yotha kupanga matani 3 miliyoni a Urea pachaka kuchokera ku gasi wa dzikolo. Ngati gawo la gasi wa ku Rovuma litasandutsidwa feteleza kumpoto kwa Mozambique m'malo motumizidwa lonse kutsidya kwa nyanja, ulendo wa thumba ungafupike, pakuti njanji yochokera ku Nacala imalowa m'dziko lino pa Nayuchi. Fakitale yotere sinamangidwe, ndipo sangailamule ndi Malawi. Koma n'chifukwa chake ubale wabwino ndi anansi ndi mtendere wa ku Cabo Delgado zili nkhani ya mlimi wa kwa Njewa, osati ya akazembe okha.

NANGA NYANJA YA MALAWI?

Choyamba chiyenera kumveka bwino ndi ichi: mpaka lero palibe chitsime chimene chidatulutsa mafuta kapena gasi wogulitsa m'Nyanja ya Malawi. Chimene chilipo ndi zizindikiro. Lamulo loyendetsera kufufuza ndi kukumba mafuta lidakhazikitsidwa m'chaka cha 1983. M'zaka za m'ma 1980 akatswiri a ku Duke University ya ku America adayeza pansi pa nyanjayi ndi phokoso lija, napeza kuti pali matope ndi miyala yoyalana makilomita angapo, yofanana ndi imene kwina imasunga mafuta. M'chaka cha 2005 akatswiri ena adaboola pansi pa nyanjayi ali pachombo cha Viphya, koma iwo ankafufuza mbiri ya nyengo, osati mafuta.

Pambuyo pake dziko lidagawidwa m'zigawo zisanu ndi chimodzi zofufuziramo. Kampani ya Surestream Petroleum ya ku Britain idalandira ziphaso za zigawo ziwiri za panyanja m'chaka cha 2011, ndipo zina zidapita kwa SacOil, RAK Gas ndi Pacific Oil. Mapangano ena ogawana phindu adasainidwa patangotsala masiku owerengeka kuti chisankho cha 2014 chichitike, ndipo anthu ambiri adadandaula. Mu Novembala chaka chomwecho Boma lidaimitsa ntchito yofufuza kuti liunikenso ziphaso ndi mapanganowo. Amene ankati kumeneko kunali kuchedwetsa chitukuko ayang'ane za ngongole zobisika zija, ndipo adzaona kuti pangano la chuma cha fuko loyenera kulemekezedwa ndi lokhalo lopangidwa poyera.

Ziphaso zomwezo zidadzutsanso mkangano wa malire ndi Tanzania m'chaka cha 2012. Malawi amaima pa pangano la Heligoland la 1890, limene lidaika malire m'mbali mwa gombe la kum'mawa, pamene Tanzania imati malire adutse pakati pa madzi. Atsogoleri opuma, a Joaquim Chissano, a Thabo Mbeki ndi a Festus Mogae, adayesa kuyanjanitsa mbali ziwirizi, koma zokambiranazo zidaima m'chaka cha 2014 popanda chimaliziro. Chuma chisanaoneke n'komwe, mpungwepungwe unali utayamba kale.

Choopsa china ndi ngozi. Mu Epulo 2010 chitsime cha Deepwater Horizon chidaphulika ku Gulf of Mexico, anthu 11 adafa, ndipo mafuta adakhuthukira m'nyanja kwa masiku 87 akatswiri a dziko lolemera ngati America akulephera kutseka. Imeneyo inali nyanja yamchere yotseguka. Nyanja ya Malawi ili ngati mtsuko. Ndi yakuya pafupifupi mamita 700 pamalo ena, khomo lake lotulukira ndi limodzi lokha, mtsinje wa Shire, ndipo madzi ake amatenga zaka zoposa 100 kuti asinthike. Muli mitundu ya nsomba yochuluka kuposa nyanja ina iliyonse ya madzi opanda mchere, ndipo chifukwa cha ichi bungwe la UNESCO lidaika malo otetezedwa a ku Cape Maclear m'kaundula wa chuma cha dziko lonse lapansi m'chaka cha 1984. Usipa ndi utaka umene amayi amagula pamsika wa Nsaru umachokera mmenemo. Magetsi a ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira amayendera madzi omwewo. Mafuta atatayikiramo, sangaoledwe.

Motero Boma likamafuna kuti malamulo akonzedwe, mapangano aunikidwe, ndiponso chitetezo cha nyanja chitsimikizike ntchito isanayambe, sikuti likugona. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Gasi amene wakhala pansi zaka mamiliyoni, ngati alipodi, saola podikira zaka khumi, koma nyanja ikaonongeka siidzabwerera m'nthawi ya ana kapena adzukulu.

UDINDO WA ANTHU A KWA NJEWA

Nkhaniyi siili kutali monga ikuonekera. M'boma lomwe lino, ku Kasiya, kampani ya Sovereign Metals ya ku Australia idapeza miyala ya mtengo wapatali ya rutile ndi graphite pansi pa minda ya anthu. Mafunso amene adavuta ku Afungi ndi omwewo amene mafumu a kuno ayenera kukhala okonzeka kufunsa: malo aperekedwa motani, chipukutamisozi chawerengedwa bwanji, achinyamata a m'deralo aphunzitsidwa ntchito yanji, ndipo nthaka idzabwezedwa ili yotani. Afunse mwaulemu, kudzera m'makomiti a chitukuko ndi kwa Bwanamkubwa, zonse zilembedwe, pakuti safunsa adadya phula. Mfumu isasaine chikalata chimene anthu ake sadachimve.

Makolo atumize ana kusukulu, anyamata ndi atsikana omwe, ndi kuwalimbikitsa masamu ndi sayansi. Ntchito za migodi ndi gasi zimalemba owotcherera zitsulo, amakaniko, oyeza nthaka ndi owerengera ndalama. Dziko lopanda anthu otere limangoonerera alendo akugwira ntchito pakhomo pake.

Koposa zonse, khasu lisagone. Dr. H. Kamuzu Banda ankaphunzitsa kuti chuma cha Malawi chili m'nthaka, ndipo chigwa cha Lilongwe chidatsimikiza mau amenewo kuyambira pamene ntchito yaikulu yotukula ulimi m'derali idayamba m'chaka cha 1968. Mlimi sangathe kutsitsa mtengo wa gasi wa ku Ulaya, koma angathe kuchepetsa mphamvu ya mtengowo pamunda wake. Mtedza, soya, nyemba ndi nandolo zimatenga nayitrojeni mumpweya n'kumusiya m'nthaka popanda fakitale, ndipo akatswiri a pa Chitedze, pamsewu wa ku Mchinji pompano, akhala akutulutsa mbeu zabwino monga mtedza wa CG7. Kasinthasintha wa mbeu, manyowa a m'khola, kompositi ndi kukwirira mapesi m'malo mowatentha zimathandiza kuti thumba limodzi ligwire ntchito yaikulu. Amene alandira feteleza wotsika mtengo kuchokera ku Boma amuthire m'munda, asamugulitse kwa mavenda.

Amayi ndi abambo, maiko amene adapindula ndi chuma cha pansi pa madzi ndi amene adayamba ndi mtendere, malamulo abwino, kuwerengera ndalama poyera ndi anthu ophunzira, chitsime n'kubwera pambuyo. Zinthu zimenezi sizikumbidwa m'nyanja, zimamangidwa m'midzi ngati ino. Chotero mafumu, atsogoleri a Chipani ndi alimi onse agwirane manja ndi Boma, asunge umodzi ndi bata, akane mphekesera, ndipo akonze minda mvula isanagwe.